Akazi Anga ndi Timabokosi Tawo

Kuntchito kwawo amawatcha Mayi Kodi-Chilipo. Kunyumba ine ndimangoti "mayi", iwo amati "bambo", ndipo takhala tikuitanana choncho chibadwire mwana wathu woyamba. Dzina la kuntchitolo ndinalimva mochedwa, tsiku lina nditawapititsira ambulera mvula itawatsekereza. Mlonda wa pageti anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa kuti, "Ndinu amuna awo a Kodi-Chilipo?" Ndinavomera osafunsa kuti akunena yani, chifukwa ndi munthu mmodzi yekha amene ndimamudziwa wofunsa funso limenelo osatopa.

Ine ndine kalipentala. Za makompyuta ndimadziwa zokhazo zimene ndakhala ndikumva patebulo tikamadya, ndiye mukaona kuti pena ndapotoza, wolakwa ndine, osati iwo.

Akazi anga sanayambire pa makompyuta. Ndinawapeza akutayipa makalata pa ofesi ina ya maloya, m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, komwe ndinatumidwa kukakonza chitseko chokana kutseka. Inali ntchito yoti munthu n'kuimaliza dzuwa lisanafike pamutu, koma ine inanditengera pafupifupi sabata. Iwo amati ankaona bwinobwino kuti ndikuchita dala, anangondimvera chisoni. Ofesiyo itagula kompyuta, mabwana onse ankailambalala ngati galu wa eni, mpaka anaikankhira kwa wotayipa. Anayamba kuiphunzira okha, kenako analowa sukulu ya Loweruka ana athu akadali aang'ono, ine n'kumatsala ndikusambitsa ana ndi kuwotcha mayunifolomu. Malemu mayi anga anapita kumanda akukhulupirira kuti mpongozi wawo akadali wotayipa, kungoti makina ndi amene anasintha. Akazi anga sanawatsutsepo. "Sakunama ayi," ankatero. "Tsiku lonse ndimangokhalira kutayipa."

Kampani imene akugwirako tsopano imapanga timabokosi taimvi, kukula kwake ngati sopo wochapira. Amatimata pa mafiriji osungira mankhwala m'zipatala. Kabokosi kamayeza kuzizira, ndipo firiji ikayamba kufunda kamatumiza uthenga pafoni ya namwino. M'kati mwake muli kakompyuta kakang'ono zedi. Anzawo ndi amene amalemba mapulogalamu oyendetsa kabokosiko, ndipo ntchito ya akazi anga ndi kuyesa ngati mapulogalamuwo akuchitadi zimene eni ake akulonjeza. Sayesa ndi manja chimodzichimodzi. Amalemba malamulo m'mizere, kompyuta n'kumawerenga kuchokera pamwamba kutsika pansi ikuchita zimene yauzidwa: namiza kabokosi kuti firiji yafunda, dikira pang'ono, ona ngati uthenga watuluka, uyerekeze ndi umene timayembekezera. Malamulo olembedwa choterewa amawatcha sikiripiti, ndipo pulogalamu imene imawawerenga ndi kuwachita amaitcha shelo.

Mashelo sali ofanana. Pa kompyuta yaikulu ya padesiki pawo pali shelo yotchedwa bash, yodziwa zambiri, yomva ngakhale ukailankhula mwachidule, ndipo ili ndi zida zambirimbiri zoti itumepo. M'kabokosi muja malo ndi ochepa, ndiye opanga anachotsamo chilichonse chotheka kuchotsa, n'kusiyamo kashelo kowonda kotchedwa sh ndi tizida towerengeka.

Kwa nthawi yaitali mayeso onse ankachitikira pa kompyuta yaikulu ija, imene inkayerekezera kukhala kabokosi. Chaka chimene tinasintha malata a nyumba yathu, bwana wawo, amene onse amamutcha Achangu chifukwa salankhula ataima malo amodzi, anati ndi bwino mayesowo azichitikira m'kabokosi mwenimwenimo. Anali maganizo abwino. Anakopera masikiripiti aja m'kabokosi, n'kuyambitsa. Zonse zinakhoza. Ofesi yonse inasangalala, koma akazi anga anafika kunyumba n'kungokhala pampando chikwama chili paphewa.

"Kwagwanji, mayi? Zalephera?"

"Zakhoza zonse."

"Nanga nkhope yagweranji?"

"Zakhoza msanga kwambiri, bambo. Pa kompyuta yanga ndimayambitsa, ndimapita kukathira tiyi, ndimabwera zisanathe. Lero zatha ndisanadzuke n'komwe pampando. Kanthu kofooka ngati kaja kangathamange bwanji kuposa kompyuta yaikulu?"

Ndinati mwina kali ndi mphamvu zobisika, ngati ine. Sanaseke.

M'mawa mwake atafika kuntchito anazula dala kawaya koyezera kuzizira, kuti kabokosi kakhale kakufa ndithu, n'kuyambitsanso mayeso. Zonse zinakhozanso. Apa m'pamene anaitana anzawo kuti adzaone.

Chimene chinachitika anandifotokozera madzulo ake tikusenda mbatata. Sikiripiti inkatuma chida china kuti chitole mawu ofunika mu uthenga umene watuluka, n'kutolanso mawu mu uthenga woyembekezeredwa, kenako n'kuyerekeza ziwirizo. Chida chimenecho m'kabokosi munalibe. Ndiye kumanzere kunkabwera chopanda kanthu, kumanja chopanda kanthu, shelo n'kuona kuti ziwirizi n'zofanana ndendende, basi n'kulemba kuti yakhoza. Sikuti kasheloko sikankadandaula ayi. Kankanena ndithu kuti chida mwatumachi sindikuchipeza, koma sikiripiti inali ndi lamulo loti madandaulo onse azitayidwa kuti pasikirini pazioneka paukhondo.

"Analemba lamulo limenelo ndani?" ndinafunsa.

"Munthu wina wokonda ukhondo amene mumagona naye chipinda chimodzi," anatero, akuponya mbatata m'madzi.

Mwamwayi palibe chimene chinali chitaonongeka. Timabokosi tomwe tinali kale m'zipatala tinayesedwa m'njira yakale ija, ndipo tinkagwira ntchito bwino. Koma panafunika kugwirizana chochita, ndipo apa m'pamene anasemphana ndi Andevu. Andevu ndi mkulu wa olemba mapulogalamu, bambo wamtali wa msinkhu wathu womwewu, wodziwa ntchito yake, wandevu zofika pachifuwa zimene amazisisita akamaganiza. Iwo anati nkhaniyi ndi yaifupi: tiike bash ndi zida zonse m'kabokosi koyesera, masikiripiti akhale mmene alili. Akazi anga anati ukatero ndiye kuti ukuyesa kabokosi kena, osati kamene namwino ali nako pafiriji yake. Andevu anati kulembanso zonsezo ndi ntchito ya miyezi, pamene makasitomala akudikira zinthu zina. Kunena zoona onse awiri ankanena zanzeru. Achangu anamvetsera ali chiimire pakhomo, n'kugamula kuti pakadali pano achite za Andevu kuti ntchito isaime, koma akazi anga azilembanso masikiripiti pang'onopang'ono akapeza mpata. Aliyense anatuluka akuona ngati waluza.

Mpatawo akazi anga anaupeza. Anayamba ndi mzere woyamba wa sikiripiti iliyonse, umene umanena shelo yoti iwerenge, n'kusintha kuti iziitana sh wamba. Atangotero zinthu zinayamba kugwa ngati mipando ya guluu wosauma. Kalembedwe kachidule kamene bash inkamva, kashelo kaja sikankakamva. Panali mabulaketi awiriawiri oti asanduke amodziamodzi. Panali lamulo lolembera mawu pasikirini lotchedwa echo, limene shelo iliyonse imalimva mwa njira yakeyake, ndiye analichotsa paliponse pokayikitsa n'kuikapo lina lotchedwa printf, limene amati silisintha mawanga. Chida chowerengera manambala motsatizana munalibe, ndiye analemba okha kuti shelo iziwonjezera imodzi imodzi ngati mwana wa sitandade wani. Masikiripiti anazoloweranso kusiya zinyalala zawo paliponse pamene afuna, pamene m'kabokosi malo ambiri ndi okhoma, osalola kulembapo. Anawaphunzitsa kuyamba afunsa kuti pololedwa kulemba ndi pati, ndiponso kusesa akamaliza.

Dzina lija linabadwa nthawi imeneyi. Mnzawo aliyense akabweretsa sikiripiti yatsopano, iwo ankatsetsereka ndi chala pamizere, n'kuima pa chida chilichonse chimene chatumidwa. "Ichi, kodi chilipo?" Munthu n'kuyankha kuti chilipo, pa kompyuta yanga chikugwira. "Sindikufunsa za kwanu. M'kabokosi chilipo?" Poyamba anthu ankanyinyirika, ena mpaka kumazemba kudutsa padesiki pawo. Kenako anayamba kufunsana okhaokha mowaseka, akutsanzira ndi mawu awo omwe, ndipo mosazindikira anazolowera kuyamba aona asanalembe.

Zinthu ziwiri zimene amanyadira kwambiri ndi zazing'ono. Choyamba, anaonjezera yankho lachitatu. Kale mayeso ankangoti yakhoza kapena yalephera. Tsopano sikiripiti isanayambe imafunsa shelo ngati chida chilichonse chofunika chilipo, ndipo chikasowa imanena poyera kuti yeso ili ndalilumpha, chifukwa chakutichakuti mulibe. Chachiwiri, pamwamba pa mayeso onse anaikapo limodzi lolakwika dala, loti liyenera kulephera nthawi zonse. Limenelo likangokhoza, zonse zimaima pomwepo, chifukwa ndiye kuti woyesayo ndi amene wadwala. Andevu atangoliona anasisita ndevu kwa kanthawi, n'kunena kuti, "Ili lokha ndikanakonda ndikanaliganiza ndine." Kwa Andevu amenewo ndi mawu aakulu.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha mawaya. Kampaniyo inali itagulitsa mitundu ingapo ya timabokosi pa zaka zonsezi, ndipo uliwonse unali ndi kashelo kosiyanako pang'ono. Akazi anga anatolera kamodzi pa mtundu uliwonse, ena m'makabati, kena pansi pa desiki ya Achangu komwe kankatchingira chitseko kuti chisamenyetseke. Timabokosi tonseti tinaunjikana padesiki pawo, mawaya atapotana ngati zingwe za m'thumba la telala, kapu ya tiyi ikusowa pokhala. Anapempha Achangu kuti pakhale shelefu, ndipo Achangu anati ngati mukudziwa kalipentala muitaneni. Akazi anga anati akumudziwa mmodzi, wochedwa koma wosadula.

Ndinapita Loweruka lina m'mawa ndi tepi yanga. Ofesi yawo ndi chipinda chachitali cha mawindo mbali imodzi, madesiki atayang'anizana, pakona pali ketulo ndi makapu osafanana, kukhoma kuli bolodi loyera lodzaza ndi mivi ndi mabokosi ojambula amene palibe amalimba mtima kufufuta. Desiki ya akazi anga ndinaizindikira ndisanauzidwe: juzi yawo yobiriwira ili pampando, chithunzi cha ana athu atavala zomalizira sukulu chitatsamira sikirini. Ndinayeza khoma, iwo ataima kumbuyo kwanga manja m'chiuno.

"Khomali mukuti ndi la njerwa, mwaligogoda?"

"Mayi, ntchito yanga ndi ya zaka makumi."

"Ndangofunsa."

Ndinagogoda kuti ndiwasangalatse, ndipo linalira ngati ng'oma. Linali la mabolodi, lopanda kanthu m'kati. Shelefu yopachika imene ndinaiganiza ija inathera pomwepo, ndinapanga yoima ndi miyendo yake. Kabokosi kalikonse ndinakapatsa chipinda chake, kumbuyo kuli bowo la mawaya, pansi mpata wopitira mpweya. Andevu anaitcha khola, ndipo timabokosi tinalandira maina ngati ziweto. Kakale kwambiri ndi Agogo. Kena kamene kamazima kokha kakatopa ndi Bwanamkubwa. Katsopano kowala ndi Mkwatibwi.

Agogo ndi amene anawavutitsa koposa. Sikiripiti ikati dikira theka la sekondi, onse ankadikira, koma Agogo theka sankalidziwa, ankangodziwa masekondi athunthu, ndiye ankakwiya n'kusiya ntchito. Ena anati Agogo angotayidwa, n'ngakale. Akazi anga anafufuza n'kupeza kuti tizipatala tating'ono tambiri tikadali ndi mtundu umenewo, ndipo sitikuganiza zogula wina posachedwa. Analembanso kuti sikiripiti isamadalire theka, izingosuzumira sekondi iliyonse ngati yankho lafika. Mayeso anatalikirako pang'ono, Agogo anakhala.

Tsiku limene khola lonse linakhoza koyamba, anandiimbira foni masana ndili pakati popala thabwa. Sachita zimenezi kawirikawiri. Anangoti, "Onse avomera, ndi Agogo omwe," n'kudula. Koma sabata isanathe Andevu anayesa masikiripiti omwewo pa laputopu yawo yodula, ya mtundu wina, ndipo masikiripitiwo anagwa chagada. Chida chosinthira mawu m'fayilo, chotchedwa sed, pa makina a Andevu chimafuna kuuzidwa mosiyana ndi kwina konse. Ndinkayembekeza kuti akazi anga abwera atakhumudwa, koma analowa m'nyumba akuseka okha.

"Ndasangalatsa amphawi, olemera akwiya," anatero akuvula nsapato.

Anakonza limodzi ndi Andevu, atakhala desiki imodzi. M'malo mouza chidacho kuti chisinthe fayilo pomwepo, anachiuza kuti chilembe fayilo yatsopano pambali, kenako yatsopanoyo ilowe m'malo mwa yakale. Ndi njira yozungulira, koma makina onse amaimva. Kuyambira pamenepo laputopu ya Andevu inayamba kuwerengedwa ngati chiweto cha m'khola, ndipo eni akewo anayamba kubwera kwathu Lamlungu lina ndi lina pamodzi ndi akazi awo, amene ndi mphunzitsi. Awiriwo akayamba kukangana za mashelo, ine ndi aphunzitsi timatuluka kukaona maluwa. Andevu mpaka lero amati masikiripiti a akazi anga ndi ataliatali, obwerezabwereza, ngati malangizo a azakhali kwa mwana wopita ulendo. Akazi anga savutika nazo. Amati wowerenga wawo si Andevu.

Sindikufuna muganize kuti ndinakwatira mngelo. Munthu amene ntchito yake ndi kukayikira sasiya kukayikira akaweruka. Mwana wathu wamwamuna atasamukira m'nyumba yakeyake n'kutiitana kuti tikagone, amake analongedza m'chikwama chotsegulira zitini, babu ndi machesi. Mwanayo anakhumudwa ndithu, anati amayi mukundiona ngati ndimakhala m'tchire. Zonse zinalipo m'nyumbamo, ndipo mpongozi wathu anachita kutsegula kabati kuti aone okha. Pobwerera m'basi akazi anga anandifunsa kuti, "Ndinaonjeza eti?" Ndinati pang'ono. Anamuimbira mwanayo tisanatsike n'komwe.

Patapita zaka ziwiri kapena zitatu, amene ankawagulitsa tizipangizo ta m'kati mwa timabokosi anasiya kupanga, kampani n'kupeza wina. Kabokosi katsopano kanabwera kowonda kuposa tonse, kopanda zida zina zimene ngakhale Agogo anali nazo. Anakaika m'chipinda chomaliza cha khola, n'kuyambitsa masikiripiti osasintha ngakhale mzere umodzi. Ambiri anakhoza, angapo analumphidwa n'kunena zifukwa zake, ndipo limodzi linalephera zenizeni: magetsi akazima n'kuyakanso, kabokosiko kankaiwala nthawi, n'kumatumiza uthenga wa deti lolakwika. Andevu anakonza kasanatuluke pageti. Panalibe phwando kapena zolankhula. Achangu anangodutsa n'kugogoda padesiki pa akazi anga kawiri ndi chala, osaima. Tsiku limenelo akazi anga anaweruka msanga, ndipo ndinawapeza atagona pasofa dzuwa likadalipo, wailesi ikulankhula yokha.

Chaka chathachi anawapempha kuti akalankhule pamsonkhano wa anthu a ntchito ngati yawo, mumzinda wina wa ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Anakana kawiri, Andevu n'kuwalembetsa mwakabisira. Akazi anga saopa bwana kapena makina, koma gulu la anthu amaliopa. Ndiye kwa masabata angapo ankabwera kushedi kwanga akaweruka, n'kuima pakati pa utuchi ndi mapepala awo, ine nditakhala pabenchi ngati msonkhano. Ankayamba bwino, kenako n'kuthamanga ngati akuthawa mvula. Ndinkakweza dzanja.

"Funso, amayi olankhula."

"Mafunso ndi kumapeto, bambo."

"Kumapetoko tifika tonse? Ine mwandisiya pa Agogo."

Ankapuma, n'kubwerera pa Agogo. Mwana wathu wamkazi anawagulira nsapato zatsopano zazitali pang'ono, akuti munthu wolankhula pagulu azioneka.

Ndinakawachingamira kudepoti tsiku lobwera. Anatsika pabasi akutsimphina, nkhope ili yowala. Ndinalandira chikwama n'kufunsa kuti zayenda bwanji.

"Anthu anali ochepa. M'chipinda china munali mnyamata wolankhula za makompyuta oganiza okha, ndiye onse anakhamukira kumeneko. Kwanga kunabwera ongokwana mabenchi awiri."

"Pepani, mayi."

"Mupepesanji? Amene anabwerawo anabwera chifukwa zinawapwetekapo. Wina amayang'anira mapampu a madzi oyendera dzuwa, wina makina a m'mabasi. Mayi wina wa mapampuyo tinakhala mpaka osesa anatitulutsa. Kashelo kake n'kovuta kuposa athu onse, moti ndamulonjeza kuti ndimutumizira zina Lolemba."

"Munathamanga?"

"Poyamba pokha. Kenako bambo wina wakutsogolo anakweza dzanja ngati inu, ndinangoseka, mantha n'kutha."

Ndinawafunsa ngati adzapitenso akadzawaitana. Anati aona, koma osati ndi nsapato zimenezi. Anakhala pabenchi ya padepotipo n'kuzivula, n'kutulutsa m'chikwama masilipasi awo akale. Tinayenda pang'onopang'ono kulowera kunyumba, ine nditanyamula chikwama, iwo nsapato m'manja, ndipo tinapatukira pagolosale kugula buledi ndi mkaka, chifukwa masiku amene kunalibe iwo ndinali nditamaliza zonse.